Makilomita 400 a pa Foni ndi Makilomita 230 a ku Ulongwe

Mlamu wanga amene amakhala ku Moatize anandionetsa galimotoyo pa foni, tili pansi pa mtengo wa nimu pakhomo pake, thukuta lili kamukamu ngakhale kuti dzuwa linali litapendeka kale. Inali Nissan Leaf yoyera, yogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, ndipo pansi pa chithunzicho analembapo manambala awiri: 40 kWh ndi 400 km. Anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri n'kundiyandikizira kumaso.

"Alamu, taonani apa. Akuti mukaitchaja kamodzi, makilomita 400. Ndiye kuti kumudzi ndikafika bwinobwino, moto n'kutsalanso woti ndikaonere azakhali ku Domwe. Za gazolina ndatsanzikana nazo."

Kumudzi kumene amanenako ndi kufupi ndi Ulongwe, m'boma la Angónia, makilomita pafupifupi 230 kuchokera mumzinda wa Tete. Ndinamuyankha kuti sakafika. Anandiyang'ana ngati ndamuchitira nsanje, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba ndemanga ino, pakuti si iye yekha amene akuona zithunzi zoterezi masiku ano. Ine galimoto zamagetsi ndimazifuna, ndipo ndikukhulupirira kuti kuno ku Tete n'kumene zikanayenera kufika msanga kuposa chigawo china chilichonse cha Mozambique. Koma nambala imene wogulitsa amalemba si ya msewu wathu. Tikaikhulupirira, anthu oyamba kugula adzagona panjira, ndipo mbiri yawo idzaopseza ena onse kwa zaka zambiri.

Wogulitsayo sananame kwenikweni. Nambala ya 400 ilikodi. Inachokera ku mayeso a ku Japan otchedwa JC08, pamene Leaf ya batire la 40 kWh inatuluka mu 2017. Koma galimoto yomweyo, ya batire lomwelo, itayesedwa ndi njira ya ku Ulaya yotchedwa WLTP inapeza makilomita 270, ndipo a EPA, bungwe la boma la ku America loona za chilengedwe, anaipatsa makilomita pafupifupi 240. Galimoto imodzi, manambala atatu, ndipo wamkulu ndi wamng'ono akusiyana ndi makilomita 160, mtunda woposa wa kuchokera ku Tete kukafika ku Songo. Chimachititsa n'chakuti mayesowa sachitikira pamsewu. Galimoto imaikidwa m'nyumba pa mawilo achitsulo ozungulira, n'kumayendetsedwa motsatira liwiro lolembedwa kale. Mayeso a WLTP amatenga mphindi 30, pa kutentha kwa madigiri 23, AC atazimitsa, ndipo liwiro lake mukaliphatikiza silifika ngakhale 50 km pa ola. A JC08 anali oyenda pang'onopang'ono kuposa pamenepo. Galimoto zochokera ku China nazonso zimabwera ndi nambala yawo ya CLTC, imene imakhala yokoma kuposa ya WLTP. Ndani pakati pathu anayendapo pamsewu wathu wa N7 mu Okutobala pa madigiri 23, mawindo otseka, AC wozima?

Njira yosavuta yomvetsera nkhaniyi tili nayo kale m'nyumba zathu. Aliyense amene amagula Credelec, magetsi olipiriratu, amadziwa kWh: umalipira metikali, umalandira manambala, umalowetsa mu mita, ndipo mita imakuuza kuti watsala ndi mayunitsi angati. Batire la galimoto ndi chimodzimodzi. Likakhala la 40 kWh, ndiye kuti thanki yako imalowa mayunitsi 40, osaposa. Galimoto yaing'ono yamagetsi imadya mayunitsi pakati pa 15 ndi 20 pa makilomita 100 alionse. Funso lonse la mtunda lagona pamenepa: thanki yako ndi yaikulu bwanji lero, ndipo msewu umene ukupitawo ukudyera mayunitsi angati.

Msewu wa ku Angónia ndimaudziwa chifukwa ndakwera chapa pamenepo kosawerengeka. Umanyamuka ku Tete utavala malaya opepuka, kuwoloka Zambezi, kudutsa Moatize ndi fumbi lake la malasha, milambe ili mbali zonse. Ukafika pa Mussacama n'kukhotera kumanzere kusiya msewu wa ku Zobwe, injini ya chapa imasintha kulira. Motorista amatsitsa giya, galimoto imabuula, ndipo pang'ono ndi pang'ono mphepo yolowa pa windo imayamba kuzizira. Amayi amene anakhala pambali pako akuzikupiza ndi kansalu amatulutsa chitenje china n'kufunditsa mwana. Mzinda wa Tete uli m'chigwa, mamita osakwana 200 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pamene Ulongwe ali pamwamba kupitirira mamita 1,200. Ndiye kuti paulendowu galimoto imanyamulidwa m'mwamba mamita oposa 1,000, ndipo kunyamulako kuli ndi mtengo wake. Leaf yokhala ndi anthu anayi ndi katundu wawo imalemera makilogalamu pafupifupi 1,900. Kukweza kulemera kotero mamita 1,000 kumadya mayunitsi oposa 5, tisanawerengere n'komwe kuyenda kwenikweniko. Pa thanki ya mayunitsi 40, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu lapita ku chikweza chokha.

Pobwerera nkhani imakoma. Galimoto yamagetsi ikamatsetsereka, mota yake imasanduka jenereta n'kumabwezera moto wina mu batire, chinthu chimene galimoto ya mafuta singachite. Munthu wotsika kuchokera ku Tsangano atadzaza kachewere ndi kabichi adzaona batire lake likutha pang'onopang'ono modabwitsa. Koma moto umene umabwerawo ndi gawo chabe la umene unapita, ndipo sungakuthandize popita, pamene wauyembekezera.

Liwiro ndi mbala ina. Mphepo imene galimoto imakankha imakula mofulumira kuposa liwirolo: ukawirikiza liwiro kawiri, mphepoyo imalimba kanayi. Galimoto ya mafuta imamwa kwambiri m'tauni n'kupepukidwa pamsewu wautali, koma yamagetsi ndi mosemphana. Imasangalala m'tauni, pamene ukuima ndi kunyamuka, ndipo imatha moto msanga ukaitsegulira pa 110 kapena 120. Onjezanipo AC, amene kuno si chinthu chonyadira koma chofunika, pakuti mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa Tete kumadutsa madigiri 40. Onjezanipo maenje okuchititsa kuponda buleki kenako n'kuyambiranso, matope a nyengo ya dzinja ukapatukira m'misewu yafumbi ya ku Macanga kapena Chifunde, matayala ophwa mpweya, thumba la chimanga limene apongozi sangakulole kuchoka osanyamula.

Koma chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri pa foni ya mlamu wanga chinali chithunzi chachinayi, cha pa dashibodi. Leaf ili ndi timizere 12 tosonyeza thanzi la batire, tosiyana ndi tosonyeza moto umene watsala. Pa galimoto imeneyi toyaka tinali 10. Kamzere koyamba kamazima batire likataya pafupifupi 15 peresenti ya mphamvu zake, ndipo kachiwiri kakazima ndiye kuti latsala ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Thanki ija ya mayunitsi 40 yafota, tsopano ikulowa 30. Ndipo kufotako sikubwerera.

Tinawerengera limodzi pansi ndi kamtengo. Mayunitsi 30, kuchotsapo 5 a chikweza, atsala 25. Tikati galimoto ikudya 17 pa makilomita 100, ndiye kuti ikuyenda makilomita osakwana 150. Palibe munthu wanzeru amene amayendetsa mpaka batire kufika pa ziro, choncho tichotseponso pang'ono. Galimoto ya "400 km" itanyamuka ku Tete ikanaima penapake kupitirira Mussacama, ku Ulongwe kutatsala makilomita 80 kapena 90, ana ali kumbuyo. Gazolina ikakuthera umakweza dzanja, mnyamata wa njinga yamoto amakakugulira malita asanu m'chigubu, ulendo n'kupitirira. Magetsi sanyamulidwa m'chigubu. Mlamu wanga anangoti, "Ha! Chikomekome cha mkuyu," osamaliza n'komwe mwambiwo.

Kutentha kumene kumatichititsa kuyatsa AC ndi komwenso kumakalambitsa batire. Leaf, kuyambira yoyamba ya mu 2010 ya 24 kWh mpaka iyi ya 40, ilibe madzi oziziritsa batire, imangodalira mpweya. Mu 2012 eni Leaf a ku Arizona, dera lotentha la ku America, anadandaula kwambiri kuti mabatire awo akufota msanga, ndipo Tete si wozizira kuposa kumeneko. Galimoto zambiri zatsopano zili ndi njira yoziziritsira batire ndi madzi kapena ndi mpweya wa AC, ndipo kwa munthu wa m'chigwa cha Zambezi funso limeneli ndi lalikulu kuposa mtundu wa penti kapena kukula kwa sikirini. Popeza timayenda kumanzere kwa msewu ngati a ku Japan, galimoto zakale za kumeneko ndi zimene zidzayambe kutisefukira, ndipo zotchipa kwambiri zidzakhala za mabatire otopa. Amene akuitanitsa afunse chithunzi cha timizere tija asanatumize ndalama.

Mwina wina wafika pano akuti, basi, zinthu zimenezi si zathu, tisiyeni ndi Hilux. Apa ndiye ndikusiyana naye kotheratu.

Mlamu wangayo kumudzi amapitako katatu kapena kanayi pachaka. Masiku ena onse amayenda pakati pa Moatize ndi Tete, makilomita pafupifupi 20 kupita, 20 kubwera, kuphatikizapo kusiya ana kusukulu ndi kudzera kumsika. Ngakhale batire lotopa lija likhoza kumuyendetsa masiku awiri kapena atatu asanatchajenso. Soketi wamba ya m'nyumba, yolumikizidwa bwino, imapereka mayunitsi awiri ndi pang'ono pa ola, kotero usiku umodzi umabwezera moto woposa umene wagwiritsa ntchito tsiku lonse. Tengani lisiti lanu la Credelec, muone mtengo wa mayunitsi 17, kenako mufunse pa bomba, pogulitsira mafuta, mtengo wa malita 7 a gazolina. Zonse ziwiri zikuyendetsani makilomita 100. Palibenso zosintha oyilo, palibe mapulagi a injini, palibe giyabokosi ya magiya ambiri. Kwa munthu wa m'tauni, wa txopela (kagalimoto ka mawilo atatu konyamula anthu), wa njinga yamoto yonyamula anthu, nkhani ya makilomita 400 ilibe ntchito n'komwe. Ku Kigali ndi ku Nairobi anyamata a njinga zamoto zamagetsi sadikira n'komwe kutchaja: amafika pamalo, kusiya batire lotha, kutenga lodzaza, n'kumapita.

Ndipo pali chinthu chimene chimandiwawa ndikaona mathanki a mafuta atandandana pamsewu wochokera ku Changara. Dziko lathu limagula kunja gazolina ndi dizilo yense amene timagwiritsa ntchito, ndi ndalama zakunja. Amatsikira pa doko, ndipo kuti afike kuno amakwera thiraki kuchokera ku Beira makilomita pafupifupi 600. Pamene ku Songo, m'chigawo chathu chomwechino, kuli Cahora Bassa. Damulo linayamba kumangidwa mu 1969, madzi anayamba kudzaza kumapeto kwa 1974, ndipo lili ndi majenereta asanu, iliyonse ya mamegawati (MW) 415, onse pamodzi 2,075 MW. Jenereta imodzi yokha, itagwira ntchito ola limodzi, ikhoza kudzaza mabatire a 40 kWh oposa 10,000. Gawo lalikulu la magetsiwo limakwera nthambo makilomita pafupifupi 1,400 kukatsikira ku Apollo, kufupi ndi Johannesburg. Mu Novembala 2007, pamene damulo linachoka m'manja mwa Portugal, tonse tinamva mawu akuti Cahora Bassa ndi yathu. Ngati ndi yathu, bwanji munthu wa ku Tete aziyendera mafuta owoloka nyanja pamene Zambezi akudutsa pakhomo pake? Ngakhale graphite imene imalowa m'mabatire a galimoto zimenezi imakumbidwa ku Balama, ku Cabo Delgado, n'kutumizidwa kunja.

Choncho vuto la ulendo wa ku Ulongwe si la batire lokha. Hilux nayo ikanakhala yopanda ntchito bomba ikanakhala imodzi yokha m'chigawo chonse. Timaiwala za kukula kwa thanki chifukwa tikudziwa kuti kutsogolo kuli bomba ina. Mabomba a pamsewu wa ku Angónia ndikhoza kuwatchula pamtima, koma malo otchajira galimoto sindinawaonepo pamenepo. Atati aike tchaja chothamanga chimodzi cha 50 kW pa Mussacama, pamene machapa amaima kale kuti anthu agule chimanga chootcha ndi nthochi, Leaf yotopa ija ikhoza kufika, kudzaza gawo lalikulu la batire m'mphindi zosakwana ola limodzi mwini wake akudya, n'kukafika kumudzi. Batire silinasinthe, koma mtunda umene galimotoyo ingayende wawirikiza. China pa Ulongwe, china pa Zobwe cha opita ku Mwanza ndi Blantyre, china pa Changara pamene misewu ya ku Chimoio ndi ya ku Cuchamano imasiyana, china pa Songo. Malo asanu okha angasinthe mapu a chigawo chonse kwa munthu wa galimoto yamagetsi. Sindikunena za ntchito yaikulu ngati Mphanda Nkuwa, damu la 1,500 MW limene likukonzedwa kumunsi kwa Cahora Bassa. Ndikunena za thiransifoma, bokosi ndi denga la mthunzi. A EDM ogulitsa magetsi, a HCB oyendetsa damu la Cahora Bassa, eni mabomba ndi makampani a migodi ya ku Moatize, amene galimoto zawo zimayenda misewu yomweyi tsiku ndi tsiku, akhoza kugawana ntchito imeneyi.

Pali kanthu kamodzi kofunika kukagwirizana tchaja choyamba chisanaikidwe, ndiko pulagi. Galimoto za ku Japan monga Leaf zimatchajidwa mothamanga ndi pulagi ya CHAdeMO. Za ku Ulaya ndi zogulitsidwa ku South Africa zimagwiritsa ntchito CCS2. Zopangidwira msika wa ku China zili ndi GB/T. Ife tidzalandira zonse zitatu, chifukwa timagula kulikonse kumene kwatchipa. Munthu akhoza kufika pa Mussacama batire lili pa 5 peresenti, tchaja chilipo, magetsi alipo, koma pulagi yosalowa. Boma linene msanga mtundu umene dziko litsatire, ndipo matchaja oyamba akhale ndi zingwe ziwiri.

Ndikudziwa chimene mayi anga aang'ono a ku Macanga angandiuze atamva zonsezi. Angati, "Mwanawe, ukunena zotchaja galimoto ine foni ndimakatchajitsa kumsika?" Ndipo akunena zoona. Midzi yambiri m'chigawo chino imaona nthambo zikudutsa pamwamba usiku ikuunikira ndi tochi. Kumene magetsi aliko nako amazima. Chilala cha 2024 chinatsitsa madzi a m'damu, kutikumbutsa kuti ngakhale Zambezi ali ndi malire. Ndikanakhala kuti ndikusankha pakati pa nyale ya m'nyumba mwa mayi anga ndi tchaja cha mlamu wanga, ndikanasankha nyale mosazengereza. Koma ziwirizi sizilimbana. Nthambo yolimba imene ingadyetse tchaja pa Mussacama ndi yomweyo ingayendetse chigayo, firiji ya chipatala ndi makina owotcherera zitsulo pamalopo. Ndipo galimoto ndi kasitomala wabwino: imagula mayunitsi ambiri, imalipira pomwepo, ndipo ndalama imene ikanapita kunja kukagula mafuta imatsala kwa wogulitsa magetsi wa m'dziko muno. Komanso amene adzapindule kwambiri si bwana wa galimoto yake. Ndi mayi wokwera chapa, amene mtengo wa ulendo wake umakwera nthawi iliyonse dizilo akakwera, ndi mlimi wa ku Tsangano amene phindu la kachewere wake limathera pa thiransipoti.

Galimoto zatsopano zikuyenda mtunda wotalikirapo, n'zoona. BYD Atto 3 ya batire la 60 kWh ili ndi makilomita 420 pa WLTP, ndipo yotere, ili yatsopano, ikhoza kukwera ku Ulongwe popanda kuima. Koma ngakhale imeneyo sindingaiyese pa ulendo wa ku Chimoio, makilomita pafupifupi 390, popanda potchajira panjira. Ndipo ndi angati mwa ife amagula galimoto yatsopano? Kudikira kuti mabatire akule mpaka aphimbe kusowa kwa matchaja ndi njira yodula kwambiri, pakuti batire ndilo chiwalo chodula pa galimoto yonse. N'kwapafupi kuika tchaja chimodzi chothandiza anthu 1,000 kusiyana n'kuti aliyense mwa anthu 1,000 agule batire lalikulu kawiri.

Kwa amene akufuna kugula lero, muyeso wanga ndi uwu. Funsani kuti nambalayo ndi ya mayeso ati. Ikakhala ya WLTP, chotsanipo gawo limodzi mwa magawo anayi kuti mupeze ya msewu wautali wa kuno. Ikakhala ya JC08 kapena CLTC, chotsanipo gawo limodzi mwa atatu kapena kuposa. Ngati galimotoyo ndi yakale, chotsaniponso molingana ndi thanzi la batire, ndipo ngati mukukwera ku mapiri, kumbukirani mayunitsi asanu aja. Ikani galimoto pamthunzi, ndipo musaisiye padzuwa masiku ambiri batire lili lodzaza mpaka pakamwa. Nambala imene yatsala pamenepo muiyerekeze ndi ulendo umene mumayenda mlungu uliwonse, osati wa pa Khirisimasi.

Mlamu wanga sanagule Leaf ya timizere 10 ija. Akufunafuna ina ya timizere 12, yoti aziyendera pakati pa Moatize ndi Tete, ndipo waitana kale wamagetsi kuti amukokere waya wokhuthala kuchokera pa mita kukafika pansi pa mtengo wa nimu uja. Za kumudzi, akuti azikwerabe chapa. Mlungu wathawu anandiimbira foni akuchokera ku maliro ku Angónia, chapa itaima pa Mussacama. Anati wazungulira pamalopo, ndipo waona malo abwino pafupi ndi pamene amayi amagulitsa nthochi, pomwe pali kale pholo la magetsi.